Cipro sanalephere, tinamulepheretsa ndife

Nkhaniyi ndakhala ndikufuna kuilemba kuyambira kalekale koma mashifiti ausiku samandipatsa mpata, ndikafika kunyumba mutu umakhala utauma. Lero ndati basi ndilembe olo zituluke zokhotakhota. Ine ntchito yanga ndi ya ku famase, koma m'mawa uliwonse ndimazungulira nawo mu ICU, wodi ya odwala kwambiri, limodzi ndi madokotala ndi manesi, ndipo pa mankhwala onse amene ndimawaona akulembedwa pa tchati, amene amandipweteketsa mutu kwambiri ndi a gulu la fluoroquinolone. Awa ndi maantibayotiki, mankhwala opha mabakiteriya, aja ciprofloxacin, levofloxacin ndi moxifloxacin, ife timangoti cipro, levo ndi moxi. Si oipa ayi, vuto ndi loti timawazolowera mopitirira muyeso. Munthu akamva cipro amangoganiza za kapilisi kaja amamwa akamva kuwotcha pokodza, nde amabwera ndi maganizo omwewo kwa wodwala amene ali pa makina opumira, BP ikugwiridwa ndi dripi, impso zikuchita zake.

Tinali ndi bambo wina, wamkulu ndithu thupi, chibayo chinamugwira ali kale pa makina. Ku labu anapeza bakiteriya wotchedwa Pseudomonas ndipo pepala linalemba kuti cipro akhoza kugwira. Anamuyamba pa dripi, patapita masiku awiri anamusinthira ku mapilisi operedwa kudzera mu chubu cha m'mphuno chifukwa m'mimba munali mutayamba kuyenda. Tsiku lachinayi thupi likutenthabe, makhololo akutuluka obiriwira, adokotala akuti mankhwalawa alephera tisinthe. Ine ndinangoti adokotala mundilole ndione kaye tchati cha manesi. Ndinapeza kuti cipro uja amaperekedwa 8 koloko, nthawi yomweyo chakudya cha mu chubu chikuyenda osaimitsa, ndipo pa mzere wotsatira panali mankhwala a m'mimba aja okhala ndi magnesium ndi aluminium, 8 koloko yomweyonso, zonse kuperedwa m'kapu imodzi. Palibe amene analakwa dala. Asisita anapereka zimene zinalembedwa pa nthawi imene inalembedwa. Koma cipro amene anafika m'magazi a bambo uja anali wochepa zedi kuyerekeza ndi amene tinkaganiza kuti tikupereka.

Chimachitika ndi choti mankhwala a gulu limeneli amagwirana ndi calcium, magnesium, aluminium, ayironi ndi zinki akakumana m'matumbo, nde akagwirana choncho salowanso m'magazi, amangodutsa. Chakudya cha mu chubu chili ndi zinthu zimenezi zambiri, mkakanso chimodzimodzi, mankhwala a zilonda za m'mimba aja a sucralfate nde usanene. Pa munthu wabwinobwino cipro wakumwa amalowa pafupifupi 70 peresenti, moxi pafupifupi 90, levo pafupifupi yense, ndipo ichi nchifukwa chake anthu amawakonda, kuti ukhoza kuchoka pa dripi kupita ku mapilisi osataya zambiri. Koma manambala amenewa ndi a munthu amene matumbo ake akugwira ntchito komanso sanamwe zosokoneza. Malangizo a cipro amati mupereke maola 2 musanapereke zinthu zimenezi kapena maola 6 mutapereka. Pa wodwala amene chakudya chikuyenda usana ndi usiku ndiye kuti muyenera kuimitsa pampu, kutsuka chubu ndi madzi, kupereka, kutsukanso, kudikira, kenako kuyambiranso. Ndi ntchito, ndipo pa shifiti yoti nesi mmodzi akuyang'anira anthu angapo ndimamvetsa kuti zimavuta. Ine maganizo anga ndi oti ngati simungakwanitse kuimitsa chakudyacho, kapena wodwala adakali pa mankhwala okweza BP ndipo magazi sakuyenda bwino kumatumbo, musiyeni pa dripi basi, mapilisi adzabwera akadzakhala bwino.

Koma olo pa dripi pomwepo pali nkhani ina yaikulu kuposa ya chubu, nkhani ya mlingo. Apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pamene ambiri timaphonya.

Maantibayotiki sapha tizilombo mofanana. Ena ngati penicillin ndi abale ake amafuna akhale m'magazi nthawi yaitali, olo asakwere kwambiri. A fluoroquinolone amapha molingana ndi kuchuluka kwake, akachuluka amapha msanga komanso kwambiri. Amalowa mkati mwa bakiteriya nkukatsekereza ma enzyme awiri, DNA gyrase ndi topoisomerase IV, amene bakiteriya amagwiritsa ntchito pomasula ndi kukopera DNA yake, nde DNA imaduka bakiteriya nkufa. Muyeso umene timayang'ana ndi kuchuluka kwa mankhwala onse amene thupi laona pa maola 24, timati AUC, kugawa ndi MIC, kamlingo kochepetsetsa kamene kamaletsa bakiteriya ameneyo kukula. Mu 1993 Forrest ndi anzake anayang'ana odwala kwambiri amene anali pa cipro wa dripi ndipo anapeza kuti nambala imeneyi ikafika 125 kapena kupitirira, anthu ambiri amachira ndipo tizilombo timatha, ikakhala pansi pa 125 zinthu zimayenda moipa. Mpaka lero 125 ndi nambala imene timaigwiritsa ntchito pa mabakiteriya a gulu la Gram negative, ngati Pseudomonas. Pa pneumococcus, bakiteriya wa chibayo chamasiku onse, nambala yake ndi yotsika, cha m'ma 30.

Tsopano tiyeni tiwerengere limodzi, masamu ake ndi a ku pulayimale. Cipro 400 mg pa dripi maola 12 aliwonse amapereka AUC ya pafupifupi 25 pa tsiku mwa munthu wa impso zabwino. Mukapereka maola 8 aliwonse imafika cha m'ma 33. Bakiteriya wa MIC ya 0.25, pa mlingo wa katatu patsiku mupeza pafupifupi 130, mwangodutsa pang'ono. Pa mlingo wa kawiri patsiku mupeza 100, simunafike. Nanga MIC ikakhala 0.5, imene pa Pseudomonas imaonekaoneka ndipo labu ikhoza kulembabe kuti mankhwala agwira? Katatu patsiku mupeza cha m'ma 65, theka chabe la chimene mukufuna. Nde mukuona kuti kachilembo ka S kaja pa pepala la ku labu, konena kuti mankhwala akhoza kugwira, sikatanthauza kuti mlingo uliwonse ugwira. Ichi nchimodzi mwa zifukwa zimene a CLSI, bungwe loika malire a MIC amene labu imalembera S, anatsitsira malire a cipro mu 2019, kufika pa 0.25 kwa mabakiteriya ngati E. coli ndi Klebsiella ndi 0.5 kwa Pseudomonas. Ine ndikamva Pseudomonas ndi cipro m'chiganizo chimodzi funso langa loyamba ndi loti MIC ndi zingati, ndipo ngati labu singapereke nambala ndimangoganiza zoipa nkupempha 400 mg katatu patsiku, nthawi zambiri limodzi ndi mankhwala ena a Pseudomonas mpaka zinthu zitaoneka bwino.

Chimene chimandiwawa ndi choti mlingo wochepa sikuti umangolephera kuchiza, umaphunzitsanso tizilombo. Bakiteriya safuna zambiri kuti ayambe kupirira mankhwalawa, kusintha kamodzi pa jini ya gyrA MIC yakwera, kusintha kwina pa parC yakweranso, ena amakhala ndi timapampu totulutsa mankhwala kunja, ena amapatsirana majini a qnr ngati anthu akubwerekana zinthu. Mukapereka mlingo wapakatikati mumapha ofooka nkusiya amene asintha kale pang'ono, awa nde amaswana, patatha sabata labu ikubwezerani Pseudomonas yemweyo koma pano ndi R, kutanthauza kuti mankhwala sakugwiranso. Ndaziona kangapo ndipo nthawi zonse timadabwa ngati zagwa kumwamba.

Kenako impso. Mu ICU tonse timaopa impso zofooka, ndipo nzoona, koma timaiwala kuti pali odwala ena amene impso zawo zimathamanga kuposa zabwinobwino. Mnyamata wa ngozi ya pamsewu, munthu wopsa ndi moto, wovulala m'mutu, wa sepsis (tizilombo tikasokoneza thupi lonse) masiku oyambirira amene tamuthira madzi ambiri ndipo mtima ukupopa mwamphamvu, awa creatinine clearance, muyeso wa liwiro limene impso zikusefera magazi, imatha kupitirira 130, mankhwala amangotuluka ndi mkodzo ngati mukuthira madzi m'dengu. Creatinine wa m'magazi amaoneka wokongola nde aliyense amasangalala, osadziwa kuti levo amene tikupereka, yemwe pafupifupi yense amatuluka kudzera ku impso, sakukhalitsa. Kwa oterewa 500 mg kamodzi patsiku ndi nthabwala, pamafunika 750 mg, pena 500 mg kawiri patsiku. Ngati mukukayika sungani mkodzo wa maola angapo muyeze clearance yeniyeni, mafomula aja oyerekezera clearance anapangidwira anthu amene creatinine wawo wakhazikika osati amene akusintha m'mawa ndi madzulo. Komanso gogo wowonda amene wagona milungu itatu minofu yatha, creatinine wake amakhala wotsika olo impso zikuvutika, nde apa fomula imakunamizani mbali inayo.

Impso zikafookadi, chimene ndimawapempha madokotala ndi ichi: dozi yoyamba ikhale yathunthu. Dozi yoyamba ntchito yake ndi kudzaza thupi, ndipo kukula kwa thupi sikusintha chifukwa choti impso zadwala. Kuchepetsa kumabwera pambuyo, ndipo pa mankhwala opha ndi kuchuluka ngati awa ndi bwino kutalikitsa nthawi kusiyana ndi kudula dozi. Levo mwachitsanzo, clearance ikakhala pakati pa 20 ndi 49, mumapereka 750 mg yemweyo koma maola 48 aliwonse. Ndipo muziyang'ananso tsiku lililonse, chifukwa impso zambiri za sepsis zimadzuka pakatha masiku awiri atatu, mkodzo wayamba kutuluka, koma tchati chidakali ndi mlingo wa tsiku lija zinali zitaima. Cipro amatuluka mbali ina ku impso mbali ina ku chiwindi ndi matumbo, nde sachedwa kuunjikana ngati levo pokhapokha zonse ziwiri zitafooka. Moxi ndi 400 mg kamodzi patsiku basi, impso zikhale bwanji. Pa dialysis yoyenda usana ndi usiku ija musachepetse dozi monga mmene mungachitire kwa munthu amene impso zaima, makinawo akuchotsa mankhwala.

Ubwino umodzi umene ndiyenera kuwapatsa ndi woti amalowa m'minofu bwino kwambiri, m'mapapo, m'mafupa, mu prostate, ngakhale mkati mwa maselo momwe tizilombo tina timabisala. Nchifukwa chake pa Legionella, bakiteriya wa chibayo wobisala m'maselo, levo ndi mankhwala enieni, penicillin ndi abale ake safikako. Komanso kutupa kwa madzi kumene kumasungunula mankhwala ena mu sepsis sikuwakhudza kwambiri awa.

Atatuwa si mapasa ayi, olo mayina akuthera mofanana. Cipro, amene anatuluka ku Bayer nkuvomerezedwa ku America mu 1987, ndi wamphamvu pa Gram negative ndi Pseudomonas koma pa pneumococcus ndi wofooka, musamudalire yekha pa chibayo chochokera kunyumba. Levo wa mu 1996 ali pakati, amagwira pneumococcus komanso Pseudomonas pang'ono ngati mlingo uli wokwera. Moxi wa mu 1999 ndi wabwino pa mapapo koma pa Pseudomonas ayi, ndipo mu mkodzo amafikamo wochepa, nde kumulemba pa matenda a njira ya mkodzo ndi kutaya nthawi. Pa MRSA, bakiteriya wa Staphylococcus wosamva mankhwala ambiri, onse atatu aiwaleni. Ndipo E. coli kapena Klebsiella wa ESBL, uja wopanga enzyme yophwanya penicillin ndi abale ake, nthawi zambiri amakhala wapirira kale cipro, nde munthu amene BP yagwa chifukwa cha sepsis (septic shock) ndipo sitikudziwa chamugwira, makamaka ngati anamwapo mankhwala a gulu lomweli miyezi yapitayi, ine sindingayike moyo wake pa fluoroquinolone yekha. Funsani abale ake kuti amamwa chiyani asanabwere, yankho lake limasintha zambiri.

Pali chinthu china chimene ndimakangana nacho ndi anzanga mpaka mawu kukwera, TB. Levo ndi moxi amapha TB, ndipo WHO inawaika m'gulu loyamba la mankhwala a TB yosamva mankhwala, moxi alinso mu BPaLM, kosi ya mankhwala anayi ya miyezi 6 imene anaivomereza mu 2022. Tsono munthu akabwera ndi chibayo chachikulu ndipo TB simunaichotse m'maganizo, mukamupatsa levo amayamba kupeza bwino, kutentha kumatsika, makhololo akhoza kuoneka oyera, aliyense nkuwomba m'manja kuti chinali chibayo wamba. Atuluka, patapita milungu abwerera ali woipitsitsa, wapatsira ena kunyumba, ndipo mwina TB yake yayamba kale kuzolowera mankhwala amene tikanadzawafuna mtsogolo. Tumizani makhololo kaye, kuyeza TB pa makina a GeneXpert sikutenga tsiku lonse. Ngati pali njira ina yochizira chibayocho gwiritsani imeneyo mpaka yankho litabwera.

Za zoipa zake ndinene mosabisa, chifukwa chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Anthu ambiri amadziwa za mtsempha wa kuchidendene umene umatha kutupa kapena kuduka, FDA, bungwe loyang'anira mankhwala ku America, inaika chenjezo lalikulu pa izi mu 2008, ndipo amene ali pachiopsezo kwambiri ndi opitirira zaka 60, amene ali pa ma steroid ndi amene anaikidwa chiwalo cha munthu wina. Taganizani, mu ICU ndi angati amene ali okalamba komanso ali pa ma steroid ngati hydrocortisone kapena dexamethasone? Ndipo munthu wogonekedwa ndi mankhwala sangakuuzeni kuti chidendene chikuwawa, zimadzaoneka a fizio akayamba kumuimiritsa. Mu 2016 FDA inanena kuti asamagwiritsidwe ntchito pa matenda ang'onoang'ono ngati pali mankhwala ena, mu 2018 inawonjezera chenjezo la kutupa ndi kung'ambika kwa aorta, mtsempha waukulu wochokera ku mtima, ku Ulaya nakonso anakhwimitsa malamulo nthawi yomweyo. Munthu wa myasthenia gravis, matenda ofooketsa minofu, musamupatse, akhoza kulephera kuchoka pa makina opumira chifukwa cha inu.

Koma zimene zimapha msanga mu ICU ndi mtima ndi shuga. Mankhwalawa amatalikitsa QT, kanthawi kamene mtima umatenga pogunda ndi kukonzekera kugunda kwina, komwe timayeza pa ECG, moxi kwambiri, levo pakati, cipro pang'ono. Payekha mwina sizingavute, koma wodwala wathu ali kale pa amiodarone chifukwa mtima unasokonekera, usiku anavuta anamubaya haloperidol, akusanza anamupatsa ondansetron, wina anawonjezera fluconazole, potassium ndi magnesium zatsika chifukwa cha furosemide. Aliyense anawonjezera kake kamodzi kotalikitsanso QT ndipo palibe anawerenga zonse pamodzi. Ine ndimapempha ECG tisanayambe ndi ina patapita tsiku limodzi kapena awiri, QTc (QT yowerengedwa molingana ndi liwiro la mtima) ikapitirira 500 timakhala pansi nkuona chochotsa, ndipo potassium ndi magnesium tizikonza tisanadikire kuti monita ilire. Shuga naye amatha kutsika kwambiri kapena kukwera, makamaka kwa okalamba a matenda a shuga amene ali pa insulin kapena glibenclamide. Gatifloxacin, m'bale wawo wina, anachotsedwa pa msika ku America mu 2006 chifukwa cha nkhani yomweyi. Munthu wogonekedwa shuga akatsika satuluka thukuta nkukuitanani, amangokhala chete, nde kayezeni.

Ubongo nawonso. Agogo amene dzulo amalankhula bwino lero akuzula mapaipi akuona anthu pakhoma, timathamangira kunena kuti ndi ICU yawasokoneza, koma yang'ananinso ngati levo sanaunjikane chifukwa impso zatsika. Amathanso kuyambitsa kukomoka kwa khunyu, makamaka pamodzi ndi mankhwala a ululu a gulu la ibuprofen ndi diclofenac. Cipro payekha ali ndi khalidwe lina loti amatsekereza enzyme ya m'chiwindi ya CYP1A2 imene imaphwanya mankhwala ena, nde theophylline kapena aminophylline amakwera mpaka kufika poopsa, clozapine chimodzimodzi, tizanidine nde saloledwa nkomwe kuphatikiza. Wa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, muyezeni INR, muyeso wa kuundanako, pafupipafupi. Ndipo kutsegula m'mimba kukayamba musangoti ndi chakudya cha mu chubu, gulu limeneli limadziwika bwino pa nkhani ya C. difficile, bakiteriya wotsegula m'mimba maantibayotiki akapha tizilombo tabwino ta m'matumbo.

Wina anandifunsapo kuti nanga ndi zonsezi bwanji osangowasiya. Ayi, ine sindili kumeneko. Pali masiku amene fluoroquinolone ndi amene ali yankho, munthu amene penicillin anamutupitsa pakhosi mpaka kulephera kupuma, Legionella, Pseudomonas amene MIC yake ndi yotsika ndipo tikufuna mankhwala oti adzapitirize kumwa akatuluka, matenda a m'fupa kapena prostate. WHO inawaika m'gulu la Watch, kutanthauza oti tiziwasamala, osati oletsedwa. Chimene ndimakana ndi kuwalemba mwachizolowezi, pa mlingo wamantha, kwa masiku osawerengeka. Ndimaona matchati ena cipro ali tsiku la 16 ndipo ukafunsa kuti tikuchiza chiyani aliyense amayang'ana mnzake. Chibayo cha pa makina nthawi zambiri masiku 7 amakwana ngati munthu akuchira, ndipo tsiku loyamba lomwelo ndi bwino kulemba tsiku loti tidzaonenso kapena kusiya. Ngati pali mafinya amene sanatulutsidwe kapena paipi ya m'mtsempha imene yagwidwa ndi tizilombo, olo mupereke mlingo wokongola bwanji simupambana mpaka gwero litachotsedwa.

Kanthu kena kakang'ono ka manesi anzanga, musathamangitse dripi. Cipro 400 mg ndi ola lathunthu, levo 750 mg ndi mphindi 90, moxi ola limodzi. Mukathamangitsa BP imagwa ndipo mtsempha umapsa, ndipo pa munthu amene BP yake tikuigwira ndi manja awiri simukufuna zimenezo. Komanso musawaphatikize mu laini imodzi ndi heparin kapena furosemide, amapanga timibulu.

Bambo uja tinamubwezera pa dripi, 400 mg maola 8 aliwonse, tinapempha labu itipatse MIC ndipo inali yotsika bwino, mankhwala a m'mimba aja tinawachotsa chifukwa panalibenso amene amakumbukira chifukwa chimene anayambira. ECG inali bwino. Patapita masiku awiri kutentha kunayamba kutsika. Sindinganene kuti ndi cipro yekha anachita zonse, a fizio anagwira ntchito yaikulu pa chifuwa chija ndipo mwina thupi lake linali litayamba kale kulimbana, koma mankhwala amene tinatsala pang'ono kuwataya kuti alephera ndi omwewo anamaliza nawo kosi. Adokotala aja pano akamalemba cipro wa mu chubu amandiyang'ana kaye nkuseka, amvekere nanga pampu ija tiimitsa nthawi yanji, ndipo asisita anasintha nthawi za pa tchati kuti cipro azibwera yekha 6 koloko, zina zonse za calcium ndi ayironi zizibwera masana.